ZA PAKHOMO PATHU: Tabuleti ya Mtengo Wapatali, Tiiyese pa Sikelo

Mwezi uno tikambirane za chipangizo chimene dzina lake layamba kumveka m'makomo ambiri a mu mzinda wa Mzuzu, kuyambira ku Katoto ndi ku Chibavi mpaka ku Luwinga ndi ku Zolozolo. Chipangizocho ndi tabuleti, kathabwa kagalasi kamene kamaposa foni ya m'manja kukula, koma kamachepera kompyuta.

Nkhaniyi imafika pakhomo m'njira ziŵiri. Njira yoyamba ndi mwana amene wasankhidwa kukaphunzira ku yunivesite ya Mzuzu kapena ya Livingstonia, nauza makolo ake kuti maphunziro sangayende popanda tabuleti, ndipo imene akuitchula ndi yapamwamba ija, iPad Pro. Njira yachiŵiri ndi mbale amene ali kuntchito ku Johannesburg kapena ku Cape Town, monga alili ana ambiri a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay, amene walonjeza mphatso nafunsa kuti atumize chiyani. M'njira zonse ziŵirizi muli ndalama zambiri, ndipo makolo amasoŵa poyambira, pakuti mau a amalonda a zipangizozi ngachilendo. Tsono tiyeni tiiyese tabuleti imeneyi monga tiyesera njinga kapena makina osokera tisanagule. Tiona zinthu zitatu: kapangidwe kake, galasi lake ndi mphamvu yake. Pambuyo pake tiŵerengera mtengo.

Kumene idachokera

Kampani ya Apple, ya ku America, idaonetsa iPad yoyamba mu Januwale 2010, pamene mtsogoleri wake anali Steve Jobs, ndipo idayamba kugulitsidwa mu Epulo chaka chomwecho pa madola 499. Inali yolemera magalamu 680, ndipo kuchindikala kwake kunali pafupifupi mamilimita 13. Imene tikuiyesa pano idatuluka mu Meyi 2024, ndipo ili mitundu iŵiri: ya galasi la mainchesi 11 ndi ya galasi la mainchesi 13. Mu Okutobala 2025 kudatulukanso ina, yofanana nayo thupi, galasi ndi mtengo woyambira, yongosiyana injini ya m'kati. Choncho zimene tinene pano zikukhudza zonse ziŵiri.

Kapangidwe

Munthu akaigwira koyamba, chimene chimamdabwitsa ndi kupyapyala kwake. Yaikulu ija, imene kutambalala kwake nkofanana ndi pepala la A4, njochindikala mamilimita 5.1 okha, ndiye kuti pensulo ya mwana wa sukulu njonenepa kuiposa. Kulemera kwake ndi magalamu 579, kungopitirira pang'ono theka la paketi ya shuga ya kilo imodzi. Yaing'onoyo njolemera magalamu 444. Thupi lake ndi la aluminiyamu, losalala, lopanda msoko wooneka. Pa luso la mmisiri, palibe chimene tinganyoze. Wophunzira woyenda pansi kuchokera ku Chiputula kapena wokwera kabaza sangamve kuti wanyamula kanthu m'chikwama.

Komatu kupyapyalako kuli ndi malipiro ake. Kuti chipangizo chipyapyale chotere, amisiri adachotsamo zinthu zina zimene ife kuno timazidalira. Mulibe poloŵetsa waya wa mahedifoni wamba. Mulibe poika memore khadi, kakhadi kamene ana athu amagaŵirana nako mabuku ndi nyimbo popanda kuononga bandulo. Ndipo ya mtundu wolumikiza ku netiweki ya foni ilibenso poika simu khadi imene tidaizoloŵera. Imalandira simu yosagwirika, yotchedwa eSIM, imene kampani ya foni imaloŵetsa mwa makina. Wofuna kugula ya mtundu umenewu ayambe wapita ku ofesi ya TNM kapena ya Airtel, akamve bwino za eSIM, ndalama isanatuluke m'thumba.

China ndi ichi. Apple salonjeza kuti iPad Pro ingapirire madzi kapena fumbi. Ife a ku Mzuzu tikuidziŵa mvula yathu, imene imapitirira kugwa pamene zigawo zina zayamba kale kukolola, ndi nkhungu ya m'maŵa yotsika ku Viphya. Tikulidziŵanso fumbi la mu Okutobala. Pa mfundo imeneyi mpikisano wake, Galaxy Tab S10 Ultra ya kampani ya Samsung, imene idatulukanso mu 2024, ili patsogolo. Iyo idayesedwa nkupezeka kuti madzi ndi fumbi siziloŵa msanga, ili ndi poika memore khadi, ndipo cholembera chake chimabwera m'bokosi momwemo. Koma galasi lake ndi la mainchesi 14.6, ndipo imalemera kupitirira magalamu 700, kotero kuti kuigwira m'manja nthaŵi yaitali nkotopetsa.

Opanga iPad amalangizanso kuti igwire ntchito pamalo pamene kutentha sikupitirira madigiri 35. Ku Mzuzu, pokhala kumtunda, vuto limeneli nlochepa. Koma mwana akapita nayo kutchuthi ku Karonga kapena ku Nkhata Bay m'mwezi wa Novembala, asaisiye padzuŵa kapena m'galimoto yotseka, pakuti kutentha kumakalambitsa batire msanga.

Galasi

Apa ndi pamene pali ulemerero wa chipangizochi, ndipo tiyenera kunena zoona: galasi lake nlokongola zedi. Tifotokoze chifukwa chake. Matabuleti wamba ali ndi nyale imodzi kuseri kwa galasi, yoyaka nthaŵi zonse, ndipo timadontho ta chithunzi timangotsekereza kuŵalako kapena kukulola kudutsa. Nchifukwa chake pamalo poyenera kuda bii pamaoneka motuŵira. Galasi la iPad Pro ndi la mtundu wa OLED, m'mene kadontho kalikonse kali ndi kuŵala kwakekwake. Pofunika kuda, kadonthoko kamangozima. Pa yaikulu ija timadonthoti tilipo 2,752 m'litali ndi 2,064 m'lifupi, ndiye kuti topitirira mamiliyoni asanu ndi theka. Amisiri adasanjikiza magalasi otere aŵiri, lina pamwamba pa linzake, kuti kuŵala kuchuluke ndiponso kuti lililonse lisamatope lokha.

Kuŵala kwa galasi amakuyesa ndi muyeso wotchedwa nits. iPad wamba imafika 500, pamene iPad Pro imafika 1,000 pa galasi lonse, ndi 1,600 pa timalo toŵala kwambiri m'kanema wokonzedwera zimenezo. Tanthauzo lake nlakuti munthu angathe kuŵerenga ali pakhonde masana osaphimba galasi ndi dzanja. Chithunzi chake chimasinthanso mpaka ka 120 pa sekondi imodzi, pamene pa matabuleti wamba ndi ka 60. Nchifukwa chake masamba amatsetsereka mofeŵa, ndipo mzere umatsata cholembera nthaŵi yomweyo monga inki itsata peni.

Tsono funso nlakuti, ndani amene kukongola kumeneku kungamthandize pa ntchito? Wojambula zithunzi za maukwati, wokonza makanema a makwaya, wolemba mapulani a nyumba, wojambula zikuto za mabuku: kwa otereŵa mtundu uliwonse uyenera kuoneka monga uliri, chifukwa mpamene pagona malonda ao. Koma wophunzira woŵerenga manotsi, malemba akuda pa pepala loyera, adzaŵerenga mau omwewo pa galasi la mtengo wochepa, ndipo mayeso adzakhoza chimodzimodzi. Tikumbukirenso kuti galasi limeneli ndilo chiwalo chodula kwambiri m'chipangizo chonse. Likasweka, sasoka.

Mphamvu

M'kati mwa ya 2024 muli injini yotchedwa M4, kachitsulo kochepa ngati chikhadabo, kokhala ndi timaswitchi mabiliyoni 28. Injini imeneyi idayamba kuikidwa mu tabuletiyi isanaikidwe m'makompyuta a kampaniyo. Ya 2025 ili ndi M5, yoposerapo. Kunena mwachidule, kathabwa aka kali ndi mphamvu zoposa makompyuta ambiri a m'maofesi a mu mzinda wathu, ndipo kamagwira ntchito mwakachetechete, popeza mulibe chokupizira mphepo.

Koma mphamvu ya ng'ombe imaoneka pa goli. Tabuletiyi imayendera dongosolo lakelake lotchedwa iPadOS, ndipo mapulogalamu a Windows saloŵamo. Pulogalamu monga SPSS, imene ophunzira ambiri a m'mayunivesite amaŵerengera nayo zotsatira za kafukufuku wao, siyenda pa iPad. Nzoona kuti mu 2025 dongosolo limeneli lidakonzedwa kuti munthu azitha kutsekula mazenera angapo nthaŵi imodzi monga pa kompyuta, koma zimenezo sizidasandutse tabuleti kukhala kompyuta. Kholo lingathe kugulitsa ng'ombe kuti ligule chipangizo champhamvu chotere, chaka chachitatu mwana nkubweranso kudzapempha laputopu. Nchifukwa chake tikuti, mwana asanayankhidwe, abweretse mndandanda wa mapulogalamu amene aphunzitsi a maphunziro ake amafuna. Safunsa adadya phula.

Mphamvu yambiri ya chipangizochi imadaliranso intaneti yothamanga. Pulogalamu imodzi yaikulu, kapena kukonzanso kwa dongosolo lake, kungathe kumaliza bandulo imene banja likadagwiritsa ntchito mwezi wathunthu. Galimoto ya liŵiro ikaloŵa mu mseu wamatope imayenda ngati ngolo.

Za batire, opanga amalonjeza maola khumi a kuŵerenga pa intaneti kapena kuonera kanema. Muyeso umenewu ndi womwewo umene amalonjeza pa iPad wamba, ndipo ndi womwewonso umene adalonjeza pa yoyamba ija ya 2010. Ndalama zoonjezera sizigula maola oonjezera. Komabe pano tiyamikepo tabuleti ya mtundu uliwonse: imadya magetsi ochepa, ndipo sola yaing'ono ya pakhomo kapena pawabanki yabwino ingathe kuitchaja. Tonse tikukumbukira mdima umene udatigwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka cha 2023. M'masiku otere chipangizo chosunga moto tsiku lonse chimaposa kompyuta ya patebulo.

Mtengo

Tsopano tigwire pensulo. Itatuluka mu 2024, ya mainchesi 11 inkayambira madola 999 ku America, ndipo ya mainchesi 13 madola 1,299. Cholembera chake, Apple Pencil Pro, nchogula padera pa madola 129, ndipo kiyibodi ya yaikuluyo ndi madola 349. Zonse pamodzi ndi madola 1,777. Kwacha yathu itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi ku banki inali pafupifupi K1,750 m'chaka cha 2024. Pa muyeso umenewo tabuleti yaikuluyo payokha inali yopitirira K2,200,000, ndipo pamodzi ndi cholembera ndi kiyibodi inali yopitirira K3,000,000. Apo sitinaŵerengere msonkho wa pachipata, mtengo wonyamulira ndi phindu la wamalonda. M'chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma anali K90,000 pa mwezi. Ndiye kuti wantchito wotere akadagwira miyezi yopitirira 25, osadya, osalipira lendi, kuti agule tabuleti yokhayo yopanda cholembera.

Yerekezani ndi iPad wamba, imene mu Malichi 2025 idatuluka pa madola 349. Ndalama za iPad Pro yaikulu imodzi zingagule zitatu zotere nkutsalako. Matabuleti a Android a makampani ena ali ndi mitengo yotsikirapo.

Palinso mtengo wobisika. Apple alibe sitolo yaoyao m'Malaŵi muno, ngakhale mu Africa monse. Ku South Africa kuli masitolo a amalonda ovomerezeka, koma kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Johannesburg ndi ulendo wa masiku pa basi. Anyamata athu okonza mafoni m'tauni ali ndi luso, ndipo magalasi a mafoni wamba amaŵasintha tsiku lomwelo, koma galasi losanjikiza la OLED si chinthu chopezeka pa benchi. Chipangizo cha mamiliyoni chikagwa pa simenti chingathe kugona m'kabati chaka chathunthu.

Wogula yogwiritsidwa kale ntchito asamale koposa. iPad iliyonse imamangidwa ku akaunti ya mwini wake, ndipo mwiniyo akapanda kuimasula, palibe wina angaitsekule, ngakhale ataifufuta zonse. Musapereke ndalama wogulitsa asanaifufute inu mukuona, nkuiyatsanso, inu nkuloŵetsamo akaunti yanu. Akakana, bwererani ndi ndalama zanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phunziro la m'masukulu athu

Kuti tione bwino chimene chimapatsa tabuleti phindu, tisayang'ane ku America kokha. M'chaka cha 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, akatswiri a ku yunivesite ya Nottingham adayesa ana a makalasi oyambirira pa masamu. Ena ankaphunzira pa tabuleti theka la ola pa tsiku kwa milungu isanu ndi itatu, pogwiritsa ntchito maphunziro a m'Chicheŵa okonzedwa ndi bungwe la onebillion, ndipo adapezeka kuti apita patsogolo kuposa anzao. Ntchito imeneyi idakula mothandizidwa ndi bungwe la VSO, ndipo mu 2019 onebillion idapambana, pamodzi ndi gulu lina, mpikisano wa dziko lonse wa Global Learning XPRIZE. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro udayambitsa ndondomeko ya BEFIT m'masukulu 500, ndi cholinga chakuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'masukulu onse a boma aphunzire kuŵerenga ndi kuŵerengera pa tabuleti.

Taonani matabuleti a ana ameneŵa. Ngotsika mtengo, ovekedwa chikuto cholimba, otchajidwa ndi sola, ndipo maphunziro ali m'kati momwemo, osalira intaneti. Galasi lao silingapikisane ndi la iPad Pro ngakhale pang'ono. Koma mwana amene sankadziŵa kulemba dzina lake amalilemba. Phindu lidachokera ku zimene zidaikidwamo, ku chilankhulo chimene mwana amamva, ndi ku nthaŵi yoikika imene mphunzitsi amaisunga.

Ife a ku Mzuzu tili ndi chikumbutso chinanso. Mu Disembala 2015 moto udanyeketsa laibulale ya yunivesite ya Mzuzu pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Tsoka limenelo lidatiphunzitsa kuti mabuku osungidwa m'makina ali ndi malo ake m'maphunziro, ndipo sitikuuza kholo lililonse kuti likanize mwana chipangizo choŵerengera. Koma buku la m'makina limatseguka pa tabuleti ya madola 200 monga momwe litsegukira pa ya madola 1,299.

Nawonso eni ake a iPad Pro adalandirapo phunziro. Poitsatsa mu Meyi 2024 adaonetsa kanema wa chimakina chikuphwanya piyano, lipenga, makamera, mabuku ndi zitini za penti, pansi pake nkutuluka tabuleti yopyapyalayo, ngati kunena kuti zonsezo zaloŵa m'menemo. Anthu a maluso m'maiko ambiri adakhumudwa, ndipo patangopita masiku ochepa kampaniyo idapepesa. Gitala ya mwana wanu, makrayoni ake ndi shelefu ya mabuku ya pabalaza zisachoke chifukwa kwabwera galasi.

Malangizo athu

Titayesa zonsezi, chigamulo chathu nchotere. Pa kapangidwe, iPad Pro njokongola ndi yopepuka, koma njosalimbira mvula, fumbi ndi simenti ya kwathu kuno. Pa galasi, ili m'gulu la zopambana zonse zimene munthu angagule. Pa mphamvu, ili ndi zochuluka kuposa zimene ambiri a ife tingazigwiritse ntchito, ndipo pa ntchito zina za kukoleji singaloŵe m'malo mwa laputopu.

Kwa munthu amene amadyera kujambula kapena kukonza makanema, amene waŵerengera kuti chipangizochi chidzabweza ndalama zake, tikuti gulani, ndipo mugulirenso chikuto cholimba tsiku lomwelo. Kwa kholo la wophunzira, tikuti yambani mwalipira fizi, chakudya ndi malo ogona. Zikatsala, laputopu yabwino ya mtengo wapakati idzamthandiza zaka zinai, ndipo ngati nkofunika tabuleti yoŵerengera, yawamba njokwanira. Ngongole ya katapila chifukwa cha galasi lokongola ndi msampha umene banja lingakhalemo zaka.

Kwa abale athu a ku Joni, tikuthokoza mtima wanu. Paja akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma musanaloŵe m'sitolo, imbani foni kumudzi, mufunse chimene chikusoŵa. Mwina ndalama ya tabuleti imodzi yapamwamba ingagule yawamba, sola yoitchajira, ndi kulipira temu yathunthu. Mukagula, onetsetsani kuti chaja ilimo m'bokosi, pakuti m'maiko ena, monga ku Britain, amaigulitsa yopanda chaja, ndipo mukumbukire kuti mapulagi a ku South Africa ngosiyana ndi masoketi athu a mabowo atatu amakona.

Potsiriza, tabuleti ikaloŵa m'nyumba, ya mtengo uliwonse, bambo ndi mai agwirizane malamulo ake tsiku loyamba. Ikhale ndi malo ake pabalaza, pamene aliyense angaone zimene zikuonetsedwa. Pa nthaŵi ya chakudya izime, ndipo isagone kuchipinda kwa ana. Makolo aphunzire kuitsekula okha, asachite manyazi kufunsa ana ao kuti aŵaphunzitse. Ndipo musafulumire kugula chifukwa mwana wa a neba ali nayo. Mitengo ya zipangizozi imatsika chikatuluka chatsopano, ndipo ya chaka chatha imagwira ntchito monga inkagwirira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwezi wamaŵa tidzakambirana za sola ya pakhomo: kukula kwa batire loyenera nyumba ya zipinda zitatu, ndi m'mene tingalisamalire kuti likhalitse. Amene muli ndi mafunso pa nkhani ya leroyi, lemberani kwa Mkonzi monga mwa nthaŵi zonse. Tsalani bwino.